Gawo Lomaliza Linali la aNyaGondwe

Tadala, ndakuona. Chibwerere chako maso ali pamwamba pa kabati, kuona ngati buku lija lasuntha. Silinasunthe, mwana wanga, lili momwe unaliikira, m'jumbo yake yomwe. Dzulo ndinakumva kukhitchini ukunong'oneza Thoko kuti, "Ndinalifuna Blantyre yense buku limenelija, koma agogo osalitsegula n'komwe." Makutu angawa amasankha. Mukamandiuza za mankhwala samva, koma miseche saiphonya. Ndiye khalani pansi nonse atatu. Chikondi, foniyo uitembenuze iyang'ane pansi. Mawa mukukwera minibasi, ndipo sindifuna kuti Tadala abwerere ndi mtima woti agogo ake ndi osayamika.

Bukuli ndi lomwelo, sunalakwitse. Mathero ake ndawadikira kuyambira amayi a Thoko asanakwatiwe, ndipo ndimawalakalaka kuposa mchere umene adokotala anandiletsa uja. Maso ndili nawo, magalasi munandigulira. Koma kulitsegula ndekha sindingathe. Mumve chifukwa chake, ana inu, ndipo musandidule pakamwa.

Ine ndinabadwira konkuno ku Mwadzama. Sukulu ndinalekezera sitandade eyiti, ya nthawi imeneyo, osati yanuyi yoti munthu amafika fomu folo osatha kulemba kalata yomveka. Kuwerenga ndinkakukonda moti nyuzi yokulungira sopo kusitolo ndinkaiwongola pabondo n'kuiwerenga yonse, ngakhale nkhani itadukira pakati. Nditakwatiwa ndi agogo anu aamuna, iwo anapeza ntchito yoyendetsa thirakitala kuminda ya nzimbe ku Dwangwa. Lero mumati Dwangwa ndi pafupi, mumapita m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. Ife tinakwera lole ya matumba a mchere, msewu wafumbi, ine pamwamba pa katundu nditakumbatira mtondo, simbi ya makala ili pamiyendo. Simbi ya makala ukuidziwa iwe Chikondi? Ndi ija timatchingira chitseko cha khitchini kuti mwera usachimenyetse. Inasita mayunifolomu a amayi anu onse imeneyo, muziipatsa ulemu.

Kumudzi kuno ukatuluka panja aliyense ndi azakhali kapena mlamu. Kumeneko anthu anachokera kulikonse, ena ku Mulanje, ena ku Karonga, ena ku Nsanje, aliyense ndi chilankhulo chake ndi ndiwo zake. Tinkachita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri. Nyengo yodula nzimbe agogo anu ankabwera atatheratu, kudya n'kugona. Ine tsiku lonse ndili duu ndi mwana kumsana, mwanayo ndi amayi ako Tadala. Akatentha nzimbe phulusa lakuda linkagwa pa zovala zoyanika, pa ufa, ngakhale m'madzi akumwa. Ndinkalira, sindibisa. Sindinkalira ufawo ayi. Ndinkalira kusowa munthu woti ndimuuze kuti phulusa landidetsera ufa.

Tsiku lina pamjigo panali mzere wautali wa zidebe. Patsogolo panga panali mayi wamtali, woonda, atakhalira chidebe chake chovundikira, akuwerenga buku lopanda chikuto. Ndinayamba kusuzumira paphewa pake. Nkhaniyo inandikoka mpaka ndinaiwala kuti buku ndi la mwini. Mayiyo atanyowetsa chala kuti atembenuze tsamba, ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Dikirani kaye, sindinamalize."

Anatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Manyazi anandigwira, ndinalakalaka kulowa m'chidebe.

"Mwe mama," anatero, "mukuwerenga buku langa osandipatsa ngakhale moni?"

"Pepani. Mwaswera bwanji?"

"Taswera. Mwamaliza tsopano?"

"Pang'ono pokha."

Anagwira tsambalo n'kundidikira. Amenewo ndiwo anali aNyaGondwe, a ku Rumphi, akazi a bambo Mhango amene ankagwira ntchito kufakitale ya shuga. Tsiku limenelo madzi tinatunga omalizira, chifukwa anthu ankangotidumpha pamzere ife osaona.

Mabuku ankawatumizira ndi mchimwene wawo, mphunzitsi. Anali mabuku otayidwa, odyedwa ndi chiswe m'mbali, ambiri opanda chikuto, moti mayina ake sitinkawadziwa. Tinkangoti buku la mtsikana wa kusitolo, buku la mkulu wa ndevu. Ena anali a Chichewa, ambiri a Chingelezi chosavuta. Posakhalitsa tinakwana anayi. Panabwera Abiti Juma, Msilamu wa kuboma kwathu konkuno, amene ankasoka zovala pakhonde ndi makina opalasa ndi mwendo. Panabweranso mayi Makwinja a ku Phalombe, okazinga mandasi, munthu woseka ndi thupi lonse.

Vuto linali lakuti buku limodzi, amayi anayi. Likafika kwa mayi Makwinja linkagona komweko mwezi wathunthu, n'kubwera likununkha mafuta, masamba ena akuonekera kuseri. Tsiku lina Abiti anapsa mtima.

"Walahi, ndikati ndidikire mayi Makwinja ndidzafa ndisanadziwe ngati mnyamatayu anakwatira," anatero. Anatsegula kabokosi ka makina, n'kutulutsa lezala.

"Yayi! Yayi, Abiti!" anakuwa aNyaGondwe, ngati akuwaphera mbuzi yawo.

Abiti sanamve. Anadula bukulo kumsana, magawo anayi, n'kusoka gawo lililonse ndi ulusi wolimba kuti masamba asabalalike. Maganizo anali oti tizisinthana magawowo mpaka aliyense awerenge onse. Koma titakumananso, mayi Makwinja anati, "ANaphiri, m'malo moti ndiyambenso gawo lanulo, bwanji mungondiuza zimene zilimo? Ine ndi mandasi nthawi ndilibe." Ndinayamba kufotokoza titakhala pamphasa tikusankha mpunga. Sindikudziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji. Ndinangozindikira ndikuyenda ngati mkulu wa m'bukumo, ndikulankhula mawu aakulu, anzanga ali kukamwa yasa, nkhuku zikudya mpunga m'lichero. Kuyambira pamenepo sitinasinthanenso magawo.

Malamulo athu anali ochepa koma ouma. Aliyense aziwerenga gawo lake lokha. Gawo la mnzako uzilimva kuchokera pakamwa pake, iye atakhala pamphasa, pepala atalikhalira kuti asaonere. Tinkakumana Lachiwiri masana. Lachinayi ine ndi aNyaGondwe tinkapita kwa amayi a kutchalitchi, Lachisanu linali la Abiti, Loweruka mayi Makwinja ankasunga Sabata, ndiye Lachiwiri ndilo linalibe mwini. Masana chifukwa palafini sanali wowerengera nthano, agogo anu akanandibweza kwathu. Anthu a m'derali ankatitcha amayi ong'amba mabuku. Agogo anu ankati, "Anzanu akakumana amagawana mbewu, inu mumagawana mabodza a anthu osawadziwa." Koma Lachiwiri akaweruka ankafunsa chakumbali, akuvula nsapato, kuti mkulu wa ndevu uja zamuthera bwanji.

Malo athu sankasintha. Gawo loyamba linali langa chifukwa ndine wapakamwa. Akanandipatsa mathero, msika wonse wa Dwangwa ukanawadziwa buku lisanayambe. Gawo lachiwiri la mayi Makwinja, lachitatu la Abiti. Lomaliza linali la aNyaGondwe, chifukwa mayi amene uja ankadziwa kusunga pakamwa. Ukanamumana madzi sabata yathunthu sakanakuuza.

Inu mumaonera mafilimu pafoni, aliyense yekha, zingwe m'makutu, kuseka nokha ngati odwala. Simungadziwe mikangano imene tinkakangana ife. Munthu wa gawo loyamba amawadziwa anthu a m'buku akadali ana, asanalakwe kanthu. Ine ndinkawakonda onse ngati obereka ndekha. Pofika kwa Abiti, mnyamata amene ine ndinamusiya akutungira madzi amayi ake amakhala atasanduka chidakwa chomenya mkazi. Ndinkakana.

"Si yemweyo ameneyo, Abiti, mwawerenga molakwa. Kwanga anali mwana wabwino."

"Kwanu anali mwana wabwino, kwanga ndi galu. Munamulera bwanji?"

Tinkatembenukira kwa mayi Makwinja, poti munthuyo anaonongekera m'manja mwawo. Iwo ankangoseka n'kunena kuti anamulandira ali kale ndi kamtima koipa, ine ndi amene sindinaone. Nthawi ina mayi Makwinja anadwala malungo, ife osapirira tinadumpha gawo lawo, ndiye tinapeza kwa Abiti munthu amene ine ndinamusiya wamoyo ali m'manda. Sabata yonse tinkaloza zala anthu osalakwa a m'bukumo kuti ndiwo anamupha. Mayi Makwinja atachira anatiuza kuti anagwa mumtengo wa mango.

Pamikangano yonseyo aNyaGondwe ankangokhala phee, maso pa lichero. Iwo ankadziwa kale amene afe ndi amene atsale. Ndikamatama munthu wanga ndinkawaba ndi diso kuti ndione ngati nkhope isintha. Sinkasintha. Koma likafika tsiku lawo, mayi wofatsa uja ankasanduka wina. Sankaimirira ngati ine. Ankalankhula motsitsa, Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka, ndipo pofika pachimake ankaima n'kupempha madzi akumwa. Tinkachita kuthamangira mtsuko. Ndamva alaliki ambiri pamoyo wanga, koma wondiliritsa ngati mayi ameneyo sindinamuone.

Musaganize kuti tinkangokamba za anthu a pa pepala. Amuna a mayi Makwinja anali ndi mkazi wina ku Ngala, wogulitsa nsomba. Tonse tinkadziwa, koma iwo sanatchulepo ngakhale kamodzi. M'buku mukapezeka mwamuna wotere, mayi oseka aja ankamutukwana mpaka mpunga kutayika, misozi ili mbwembwembwe. Ife tinkawathandiza kumutukwana. Akatha ankapukuta m'maso n'kunena kuti, "Mabukuwa amanama bwino," n'kupita kukakazinga mandasi awo atapepukidwa. Abiti ankakonda mabuku a anthu ofotokoza moyo wawo, ati nkhani zopeka ndi bodza lovala suti. ANyaGondwe ankati munthu wolemba za moyo wake ndiye amanama kwambiri, chifukwa amadziwa pofunika kubisa. Mkangano umenewo sunathe mpaka lero. Buku likatha, Abiti ankalumikiza magawo onse n'kulipereka kwa ana a sukulu. Palibe mwa ife amene ankafuna kuliwerenganso, poti pa pepala anthu aja sankakoma ngati pakamwa pa anzathu.

Zaka zinapita choncho. Ana anakula, ena anabadwa, mano anayamba kugwa. Kenako linabwera buku ili lili pakabatili. Ndi la mayi wina wa dziko lina la mu Afirika muno, akufotokoza moyo wake. M'gawo langa anali mtsikana wa pasukulu. Anabereka mwana wamkazi, makolo ake n'kumulanda mwanayo kukamupereka kwa achibale akutali, osamuuza kuti kuti. M'gawo la mayi Makwinja anapita kutauni kukagwira ntchito m'nyumba za anthu, kulera ana a eni ake, kuwasambitsa ndi kuwagoneka, wake osadziwa ngati wadya. M'gawo la Abiti, imvi zitayamba, ananyamuka kukamufuna, mudzi ndi mudzi. Ndiye lezala la Abiti linadula poipa. Pa tsamba lawo lomaliza mayiyo wapeza nyumba, waima pakhomo, wagogoda, ndipo akumva mapazi akubwera m'katimo. Basi, gawo lathera pomwepo.

Tinawazungulira aNyaGondwe. Mayi Makwinja analonjeza mandasi a mwezi wonse. Ine ndinagwada ndithu, mawondo awa.

"Ingotiuzani chimodzi chokha, anatsegula kapena sanatsegule? Anamulandira?"

"Lachiwiri," anatero, akukutumula chitenje chawo.

Lamulungu bambo Mhango anagwa pobwera kutchalitchi. Lolemba anatisiya. Abale awo anabwera ndi lole kuchokera ku Rumphi, ndipo poti ulendo ndi wautali, lole ndi imodzi, anati anyamuliretu zonse, bokosi, mipando, mapoto, ana ndi mayi wamasiye yemwe. Inanyamuka Lachiwiri masana, nthawi imene tikanayala mphasa. Malo oti ife tikwere munalibe. Ndinaima pambali pa loleyo ndikulira, ndipo za buku sindinatchule, ndine munthu ine. Koma aNyaGondwe, atakhala pafupi ndi bokosi la amuna awo, duku lakuda kumutu, anandikodola. Ndinakwera patayala. Anandigwira dzanja mwamphamvu.

"ANaphiri, gawo langa ndinawerenga. Lili muno m'chikwama. Musafunse munthu wina. Ndibwera ndidzakuuzeni ndekha."

"Mubwera liti?"

"Ikatha mvula."

Mvula inatha. Anali pamaliro, sakanayenda. Inabwera ina n'kutha, anali ndi fodya m'munda, wosiyira analibe. Tinkalemberana makalata. Ankalemba za mawondo, za mbuzi, za ana, koma za chitseko chija ayi. Atatu otsalafe tinayesa kupitiriza. Abiti anadula buku lina magawo atatu, koma palibe amene ankadziwa kunyamula mathero. Anandipatsa ine, ndinaulula tsiku lomwelo pamjigo. Anapatsa mayi Makwinja, iwo anaseka pamalo ofunika kulira. Tinkayala mphasa n'kusiya danga mbali imene ankakhala aNyaGondwe, osapangana.

Kenako amuna a mayi Makwinja anapuma pantchito, banja lonse n'kubwerera ku Phalombe. Kumalo a ntchito kuli choncho, ana inu. Mumakhala ngati abale zaka zambirimbiri, tsiku limodzi lole ibwera, aliyense kwawo. Uthenga wa maliro a mayi Makwinja unandipeza atawaika kale. Abiti anadwala nthawi yaitali kuboma. Nditapita kukawaona anali atatha, mawu akutuluka movutikira, koma anandikoka khutu n'kunong'ona kuti, "Mayi uja akabwera, mudzabwere pamanda panga mudzandiuze. Ndikanadula ndi lezala lija tsamba limodzi kutsogolo bwenzi ndikufa ndikudziwa." Tinaseka awiriwiri mpaka anatsokomola. Sabata yotsatira anapita.

Ife tinabwerera kuno ku Mwadzama, kulima mpunga ndi chinangwa. Agogo anu aamuna anatisiya inu mukadali aang'ono. Amayi anu ali m'matauni. Ndinayesa kusonkhanitsa amayi a m'mudzi muno. Anabwera kamodzi, poganiza kuti ndi za bungwe logawa zinthu. Ataona kuti ndi buku, wina anakumbuka chinangwa chimene anaviika, wina mwana wodwala. Wina anabwereka gawo lake n'kupita nalo, ndinalipeza kumsika atakulungira usipa. Sindiwada, ali ndi zawo. Koma ndikuuzeni zoona, nyumba ino imakhala zii. Tsiku limatha osalankhula ndi munthu, kupatula nkhuku, ndipo nkhuku sizitsutsa. Chimene ndimasowa kwambiri ndi munthu wondiuza kuti ndawerenga molakwa. Lachiwiri masana ndimapezeka ndasesa pakhonde pano n'kuyala mphasa yaikulu, ndisanakumbuke kuti kulibe akubwera.

Mafoni atafika m'midzi, mwana wa aNyaGondwe anawagulira yawo, amayi a Chikondi anandigulira yanga. Tsiku loyamba kumva mawu awo ndinakhala pansi. Titalonjerana, titawerengana amene anafa ndi amene atsala, ndinati, "Tsopano ndiuzeni. Anatsegula?"

"Yayi. Mathero sakambidwa pa foni. Mphasa ili kuti pamenepa?"

"Ndayala, ndakhalira."

"Ine sindinakhalire. Ndibwera ikatha mvula."

Tinazolowera kuimbirana Lachiwiri lililonse. Ine ndinkafunsa, iwo ankakana, kenako tinkakamba za matenda athu. Chaka china ananyamukadi. Anafika pakati pa njira n'kupeza mlatho wakokoloka, basi inabwerera. Chaka china ndinati ndipite ndine, koma shuga anandigwetsa, mukukumbuka nthawi imene munabwera nonse kuchipatala muli ndi nkhope za maliro. Ndili pabedi paja ndinapempha foni. Ndinati, "ANyaGondwe, ndiuzeni lero. Mwina sindidzuka pano."

Ndinkamva kupuma kwawo. Kenako anati, "Ndikakuuzani mufa, mulibenso chodikira. Chirani, ndibwere."

Ndinapsa mtima moti ndinadula foni, n'kuuza nesi kuti andipatse phala. Inu mumati anandichiritsa ndi madokotala. Ndinachira ndi mkwiyo ine, kuti mayi ameneyu ndidzamuone ndi maso ndimufunse ngati ali ndi mtima. Pambuyo pake ndinamvetsa. Nawonso kwawo kuja anali okha, ana onse m'matauni. Chimene anali nacho choti wina padziko lino akuchidikira kwa iwo chinali chitseko chimenechi. Akananditsegulira, Lachiwiri lotsatira tikanaimbirana kuti tikambe chiyani, mawondo?

M'nyengo yozizira yapitayi foni inalira Lachinayi. Nditaona dzina lawo tsiku lolakwika ndinadziwiratu. Anali mwana wawo wamwamuna. Anati amayi anagona osadzuka, awaika dzulo lake. Anati m'chikwama chawo apezamo timapepala tachikasu tosokedwa ndi ulusi, tokulungidwa m'chitenje chatsopano pamodzi ndi nsapato zoyendera ulendo, ndipo amayi ankanena kawirikawiri kuti ndi katundu wa aNaphiri a ku Nkhotakota. Ndinamufunsa ngati anauzapo munthu aliyense zimene zili m'mapepalamo. Anati ayi, ngakhale iwo ana awo akafunsa ankawakaniza. Mwana waulemu ndithu. Anati, "Mama, ndikuwerengereni pompano? Si zambiri."

Ndinati ayi. Ndinamuuza kuti awasunge. Nditadula foni ndinakhala pakhonde pano mpaka nkhuku zinalowa zokha. Sindinalire tsiku limenelo. Ndinalira Lachiwiri lotsatira, nthawi ya foni itakwana.

Ndiye iwe Tadala, ndi mtima wako wabwino, unajambula tsamba la gawo langa lakale lija ndi foni, n'kufufuza mpaka kulipeza buku lathunthu kwa ogulitsa mabuku akale m'mphepete mwa msewu. Chikuto chake ndachiona koyamba, dzina la mayi wa m'bukumo ndalidziwa koyamba. Ndathokoza, mwana wanga, ndipo ndikunena zochokera pansi pa mtima. Koma ukufuna kuti ndichite chiyani? Mawa mukwere minibasi, ine nditsale ndekha pakhonde pano, ndivale magalasi, nditembenuze tsamba, ndidziwe. Kenako ndiyang'ane kumanja kulibe munthu, kumanzere kulibe munthu. Ndikauze ndani? Ndikakangane ndi ndani? Ndadikira zaka zonsezi kuti ndimve ndi makutu, kwa munthu amene wayenda ulendo kubwera kwa ine. Sindikufuna kudziwa ngati munthu woba m'chikwama cha mnzake.

Thoko, dzuka. Pawindo la kuchipinda kwanga pali lezala latsopano, ndipo singano ndi ulusi zili m'kachitini ka mafuta odzola. Chikondi, tsitsa bukulo. Usakuwe, Tadala, aNyaGondwe nawonso anakuwa tsiku loyamba. Ndikudziwa kuti ndi lokongola. Likhala lokongola kwambiri likakhala panayi.

Gawo loyamba ndi langa, monga kale, ndipo ndikufotokozerani lero lomwe, poti lero ndi Lachiwiri ngati simunadziwe. Mudzaona agogo anu akuyenda ngati mtsikana wa pasukulu, ndodo ili pambali. Gawo lachiwiri ndi lako Chikondi. Sukulu yako ili kuboma pompa, ulibe chonamizira. Gawo lachitatu ndi la Thoko, ubwera nalo patchuthi kuchokera ku Lilongwe, ndipo ndikuchenjezeretu kuti ukamuipitsa mtsikana wangayo tikangana. Podula gawo lako ndikuonetsa ndine. Ndi pamene mayi uja wagogoda. Tsamba lotsatira ndiphimba ndi dzanja, ndiyang'ane kumbali, iwe udule.

Lomaliza ndi lako, Tadala. Usayang'ane anzako, ndanena iwe. Ndiwe umadziwa kusunga pakamwa, unabisa chibwenzi chaka chathunthu amayi ako osadziwa. Ndiwenso umakhala kutali kuposa onse, ndipo ndiwe umabwera mwa apo ndi apo. Umanditumizira zinthu pa basi, bulangete, shuga, mafuta. Shuga ndinamuona wokwanira ku Dwangwa, mwana wanga, phulusa lake lidakali m'chifuwa muno. Ukaliwerenge gawo lakolo ku Blantyre, ulisunge. Ukandiimbira foni n'kuyamba za chitseko ndidula, umandidziwa. Ubwere nalo pakamwa, ukhale pamphasa iyi, upemphe madzi akumwa pofika pachimake ngati ukufuna, ndidzathamangira mtsuko ndi ndodo yanga yomwe. Ukatha tidzakwera njinga za kabaza mpaka kuboma, tikaime pafupi ndi manda a Abiti, ndikawauze. Ndinalonjeza.

Chimodzi chokha ndikupempha. Usandiuze kuti ubwera ikatha mvula. Mawu amenewo ndawamva mokwanira, ndipo nthawi imene ndinkawamva ndinali ndi zaka zoti ndidikire. Tsopano ndilibe. Mayi uja adakaima pakhomo paja chigogodere, ndipo ine ndaima naye. Miyendo yatopa, Tadala.

Bweretsa lezalalo, Thoko.